KUWETA MBUNA M'NYUMBA: KASWANIDWE KACE NDI MATENDA ACE

Poyenda m'midzi kukaona maiwe a nsomba, funso limene tilimva kawiri kawiri ndi ili: "Kodi bwanji m'dziwe langa mulibe ana ambiri, cinkana ndinaikamo nsomba zazikuru zokwanira?" Funso limeneli n'lobvuta kuliyankha titaima m'mphepete mwa dziwe, pakuti madzi a dziwe labwino ali obiriwira, ndipo maso a munthu satha kupenya zimene zicitika pansi. Woweta ng'ombe aiona ng'ombe yace ikakhala ndi bere. Mai woweta nkhuku adziwa tsiku limene thadzi linayamba kufungatira mazira. Koma mlimi wa nsomba aweta ciweto cimene saciona.

Cifukwa ca ici tifuna kulongosola za kuweta nsomba m'nyumba, m'thanki ya galasi, m'mene munthu angathe kuona zonse ali khale pa mpando. Ena adzati awa ndi masewera a anthu a ndalama. Si tero iai. Nsomba zokongola zimene anthu a ku Ulaya ndi ku Amereka azisunga m'nyumba zao, zambiri ziri zathu zomwe, zocokera m'Nyanja ya Malawi, ndipo ziri za banja limodzi ndi cambo ndi makumba. Cimene tiphunzira m'thanki cidzatithandiza ku dziwe. Phunziro lalikuru ndi ili: nsombazi zilera ana m'kamwa, ndipo yaikazi yolera ana ifuna zinthu ziwiri, ndizo mtendere ndi madzi abwino. Zikasowa ziwirizi, mankhwala sathandiza kanthu.

BANJA LA NSOMBAZI

Akatswiri alicha banja ili dzina lakuti Cichlidae. M'banjamo muli cambo, makumba, cilunguni, utaka, kambuzi, mceni ndi mbuna. Nyanja yathu iri ndi mitundu ya banja limeneli yoposa 700, kupambana nyanja ina iriyonse pa dziko lapansi, ndipo pafupifupi mitundu yonseyi sipezeka kwina kuli konse. Mai Ethelwynn Trewavas analemba kaundula wa nsombazi m'caka ca 1935, nadzafika ku nyanja kuno pamodzi ndi anzace m'caka ca 1939. Mai Rosemary Lowe anafufuza moyo wa cambo kuyambira 1945 kufikira 1947, ndipo Bambo Geoffrey Fryer anapenyetsetsa makhalidwe a mbuna ku Nkhata Bay m'zaka za m'ma 1950.

Pa nsomba zonsezi, yoyenera thanki ya m'nyumba ndiyo mbuna, popeza iri yaing'ono. Utali wace ndi mainchesi 3 kufikira 5. Dzina lakuti mbuna linacokera kwa Atonga. Nsombazi zikhala pakati pa miyala m'madzi osaya, ndipo zambiri zidya ndere zimene zizipala pa miyalapo ndi mano ace. Malo ena a mbuna ali otetezedwa: boma linakhazikitsa nkhalango ya Lake Malawi National Park ku Cape Maclear m'caka ca 1980, ndipo m'caka ca 1984 bungwe la UNESCO linawerengera malowo pa cuma ca dziko lonse lapansi. Kugwira mbuna m'malo amenewo n'kulakwira lamulo. Wofuna kuyamba kuweta ayambe wafunsa kwa mlangizi wa nsomba, ndipo atenge mbeu kwa munthu amene aziweta kale.

Woyamba kumene asankhe mtundu wofatsa. Pali mbuna ina yacikasu, yochedwa Labidochromis caeruleus, imene kwao ndi kumpoto kwa Nkhata Bay; imeneyi siibvuta. Koma ina yochedwa Melanochromis auratus, ya mizere yakuda ndi yacikasu, iri yaukali ndithu, ndipo yaimuna itha kupha zinzace zonse m'thanki yaing'ono.

KUKONZA THANKI

Thanki ikhale yotalika mapazi 4, yolowa madzi malita 200 kapena kuposerapo, ndiko kunena ndowa 10 za malita 20. Madzi otere alemera ngati matumba 4 a cimanga, osawerengera miyala, cotero pokhazika pace pakhale polimba ndi posapendekeka. Musaike thanki pa zenera poomba dzuwa, cifukwa madzi adzatentha usana ndi kuzizira usiku, ndipo ndere zidzaphimba galasi.

Pansi thirani mcenga wotsuka bwino. Pamwamba pace unjikani miyala yambiri, ndi kusiya mapanga ndi mipata yobisalamo. Miyala ya pansi ikhazikike pa galasi penipeni, osati pa mcenga, pakuti mbuna zikumba, ndipo mulu ukagwa uswa thanki. Mapanga acuruke koposa nsomba.

Madzi oyenera mbuna m'thanki ali a mtundu uja umene sopo sacita nao thobvu msanga. Madzi a pa citsime cakuya nthawi zambiri akhala otero, ndipo mbuna zikondwa nao. Madzi a mvula okha okha sakwanira. Kuikamo miyala ya laimu kapena zigoba za nkhono zotsuka kuthandiza. Madzi a pa mpope ali ndi mankhwala a klorini amene apha nsomba. Awa ayambe akhala m'ndowa yosabvundikira usana ndi usiku, kapena masiku awiri, asanalowe m'thanki. Kutentha kwa madzi kukhale madigiri 24 kufikira 28. Ku nyanja kutentha kumeneku kungokhalapo kokha, koma ku mapiri monga ku Dedza ndi ku Zomba, m'miyezi ya June ndi July, pafunika cotenthetsera ca magetsi.

Cinthu cina cimene ambiri sacidziwa ndi ici. Ndowe za nsomba ndi cakudya cotsala zikabvunda, zituruka ndi poizoni wochedwa amoniya, yemwe uja atibaya m'mphuno tikalowa m'khola la nkhuku losasesa. M'nyanja poizoni ameneyu asungunuka m'madzi ambiri, koma m'thanki alibe kopita. Amene amcotsa mphamvu ndiwo tizirombo tabwino tosaoneka ndi maso, tonga tija tisandutsa zinyalala kukhala manyowa pa dzenje la kompositi. Tizirombo timeneti tikhala pa mcenga, pa miyala, makamaka m'siponji ya m'sefa imene pampu ipititsamo madzi. M'thanki yatsopano mulibe tizirombo timeneti, ndipo titenga milungu 4 kufikira 6 kuti ticuruke. Cotero musadzaze thanki yatsopano ndi nsomba tsiku limodzi. Yambani ndi zowerengeka, muzizipatsa cakudya cocepa, ndi kuonjezera zina pang'ono pang'ono.

Pa yaimuna imodzi ikani zazikazi 3 kapena 4. Mukaika yaimuna ndi yaikazi imodzi yokha, yaimunayo idzaithamangitsa usana wonse kufikira italefuka kapena kufa. Zazikazi zikacuruka, ukali wace ugawikana.

M'MENE ZISWANIRANA

Nyengo ikafika, woyamba kusintha ndiye yaimuna. Maonekedwe ace awala koposa masiku onse. Isankha malo pansi pa mwala kapena pa mwala wathyathyathya, nikumba kadzenje, kunyamula mcenga ndi pakamwa ndi kukaulabvula patali. Yaimuna inzace ikayandikira, ziwirizo zitambasula zipsepse, zizungulirana, ndipo nthawi zina zilumana pakamwa ndi kukankhana. Yaikazi ikadutsa, yaimuna ithamangira patsogolo pace, nipinda thupi, ninjenjemera thupi lonse, kenaka isambira cobwerera ku kadzenje kaja ngati ikuti, "Tiyeni kuno."

Yaikazi imene mazira ace sanakhwime singoisamala. Koma yokhwima ioneka ndi mimba yodzala, ndipo pansi pa mimba paturuka kansonga kakang'ono koikira mazira. Imeneyi itsata yaimuna, ndipo ziwirizo ziyamba kuzungulirana, mutu wa iyi ku mcira wa inzace. Yaikazi iikira dzira limodzi kapena mazira owerengeka, nitembenuka msanga ndi kuwatola ndi pakamwa. Tsono penyetsetsani cipsepse ca pansi pafupi ndi mcira wa yaimuna: pali timadontho tacikasu tofanana ndi mazira. Yaimuna iyala cipsepseco pa mcenga, yaikazi nijompha pamenepo monga ngati itola dzira lotsala, ndipo nthawi yomweyo yaimuna iturutsa mbeu yace, imene ilowa m'kamwa mwa yaikazi ndi kukumana ndi mazira. Zibwereza cotero kufikira mazira onse atatha, ndipo nchito yonse ingathe kutenga ora lathunthu.

Mazira a mbuna ali akuru, ngati mbeu za mapira, koma ali ocepa. Yaikazi yoyamba kuikira ipereka mazira 10 kapena 15. Yaikuru ifika 40 kapena kuposerapo. Kuswana kukatha, yaimuna iribenso gawo. Iyamba kufuna yaikazi ina, ndipo yoyamba ija iipitikitsa pa malo pace.

YAIKAZI YOLERA M'KAMWA

Yaikazi yonyamula mazira idziwika msanga. Pansi pa cibwano pace patupa ngati kathumba. Pakamwa pakhala potseka, koma iyendetsa nsagwada monga ngati itafuna; apo iri kugubuduza mazira kuti onse alandire madzi atsopano ndi kuti asacite nkhungu. Mukaponya cakudya, iyandikira nibwerera osadya. Ifuna malo obisala.

Mazira aswa ali m'kamwa momo pasanathe mlungu, koma ana saturuka. Mwana ali yense ali ndi kathumba ka cakudya pa mimba, kotsala ka dzira lija, ndipo akhala ndi moyo ndi kameneko kufikira katatha. Ana aturuka patapita masiku 21 kufikira 28. Madzi akakhala ofunda aturuka msanga, akakhala ozizira acedwa. Masiku otsiriza mudzaona timaso takuda kupyola khungu la pansi pa cibwano. Nthawi yonseyi make sadya, kapena angotola tinyenyeswa tocepa, ndipo aonda kwambiri.

Apa ndipo pagona ngozi. Yaikazi ikaopsedwa, ikathamangitsidwa kosalekeza, kapena madzi akaipa, ilabvula mazira kapena kuwameza. Mazira olabvulidwa asanakwane masiku ace adyedwa ndi nsomba zina, kapena abvunda. Yoyamba kubereka kawiri kawiri itaya mazira oyamba cifukwa ca kusazolowera. Musaida nayo mtima, idzaphunzira. Koma yaikuru ikamataya nthawi ndi nthawi, colakwa ciri kwa mwini thanki.

Ife tomwe tinaphunzira ici ndi manyazi. Tinali ndi thanki m'cipinda cophunzitsiramo, ndipo yaikazi ina inali itanyamula mazira masiku 6. Titamva kuti kudzabwera alendo, tinafuna kuti zonse ziwale. Tinaturutsa miyala yonse ndi kuikweca, tinacapa siponji ya sefa pa mpope, ndipo tinataya madzi onse ndi kuthira atsopano. Alendo anayamika. Koma m'mawa mwace kathumba ka yaikazi ija kanali kataphwa, ndipo mlungu usanathe nsomba ziwiri zinafa, zotsala zikupuma wefuwefu pamwamba pa madzi. Tinali titapha tizirombo tabwino tija, ndi kupasula malo onse obisalamo tsiku limodzi. Ukhondo wopanda nzeru unapha nsomba zimene dothi silinaphe.

Cotero yaikazi ikanyamula, musasunthe miyala. Ngati zinzace siziibvuta, isiyeni pomwepo. Ngati ziisautsa, dikirani kufikira masiku 14 kapena kuposerapo, pamene ana ali atakhwima, ndipo muisamutsire m'thanki ina yaing'ono yothiramo madzi ocokera m'thanki yaikuru. Muigwire m'banda kuca isanacangamuke, muilowetse m'kapu kapena m'botolo ili m'madzi momo, osaiturutsa ku mphepo. Oweta ambiri a malonda atsegula kukamwa kwa yaikazi ndi dzanja ndi kukhutula ana. Wophunzira asayese zimenezi, pakuti nsagwada ya nsomba yaing'ono ithyoka msanga.

KULERA ANA

Ana aturuka ali nsomba zathunthu, zotha kusambira ndi kudya. Cambo ndi makumba zisunga ana masiku angapo ataturuka: pakaoneka coopsa, ana athamangira m'kamwa mwa make. Mbuna zambiri sizicedwa nao; zikalabvula ana pakati pa miyala, nchito yatha. M'thanki yaikuru ana ambiri adyedwa ndi nsomba zazikuru, koma mukaunjika timiyala ting'onoting'ono pa ngondya imodzi, ena adzapulumuka.

M'thanki yolerera, make akaleka kutola ana, mcotseni. Koma musambwezere kwa yaimuna tsiku lomwelo. Akhale pa yekha mlungu umodzi, akudya bwino, kuti abweze thupi; mukafulumira, adzaikiranso mazira ali wofooka, monga ng'ombe yokweredwa isanacire pa kubala. Ana muziwapatsa cakudya comweco ca nsomba zazikuru, cosinja bwino ngati ufa, pang'ono pang'ono katatu kapena kanai pa tsiku. Pakamwa pa pampu mangani siponji kuti asakokedwe. Asabwerere kwa zazikuru kufikira atafika inchesi imodzi.

Si nsomba zonse za banja ili zilera m'kamwa. Cilunguni, cimene ambiri muli naco m'maiwe, cicita mosiyana. Cacimuna ndi cacikazi zikhala pamodzi, zikumba maenje m'madzi osaya, ndipo cacikazi ciikira mazira zikwi zingapo, ang'onoang'ono, omatirira pansi. Ziwirizo zilonda mazira, kuwakupiza ndi zipsepse, ndi kuteteza ana ataswa. Njira ziri ziwiri: cilunguni cibereka ambiri ndi kutaya ambiri, mbuna ibereka ocepa ndi kusunga ali yense.

MATENDA NDI KAPEWEDWE KACE

Nsomba yabwino isambira motakasuka, zipsepse ziri zotambasuka, ndipo ithamangira cakudya. Yodwala ipinda zipsepse, ida kapena kutumbuluka, ibisala, ipuma msanga msanga, nikana cakudya. Samalani kuti musasokoneze yodwala ndi yolera: zonse ziwiri sizidya, koma yolera iri ndi kathumba pa cibwano ndipo iri yaceru. Nsomba ikadwala, funso loyamba likhale la madzi, osati la mankhwala. Mlungu uli wonse cotsani limodzi la magawo anai a madzi, kukoka ndi paipi zonyansa za pa mcenga, ndi kuthira atsopano otentha mofanana. Siponji ya sefa muziifinya m'madzi omwe mwacotsawo, osati pa mpope. Magetsi akazima nthawi yaitali, lekani kudyetsa, ndipo muzitunga madzi ndi kapu ndi kuwatsanulira momwemo kucokera m'mwamba kuti mpweya ulowe. Ndowa ya nsomba ikhale ya nsomba zokha. Ndowa imene inalowamo sopo, kapena mankhwala opopera thonje ndi fodya, ipha nsomba cinkana mutaitsuka; ndipo musapopere mankhwala a udzudzu m'cipinda thanki iri yosabvundikira.

Nthenda yoyamba, imene ipha mbuna zambiri koposa, ndiyo kutupa mimba. Nsomba iyamba kutola cakudya ndi kucilabvula, kenaka ileka kudya konse. Ndowe zace zikhala zoyera ndi zazitali ngati ulusi. Patapita masiku mimba itupa, nthawi zina maso atong'oka, ndipo ikafika pamenepo kaciritsidwe n'kobvuta. Gwero lace kawiri kawiri ndilo cakudya cosayenera pamodzi ndi madzi oipa ndi kusautsidwa. Mbuna yodya ndere iri ndi matumbo aatali, olengedwera zomera, ndipo nyama ya mafuta iibvuta monga m'mene mbuzi ibvutikira ikadya cimanga cambiri. Tizirombo timene tikhala m'matumbo mwace masiku onse popanda coipa, ticuruka nsomba ikafooka. Cotero cakudya cikhale ca masamba makamaka: cogula cokonzera nsomba zodya ndere, ndi nkhwani kapena mpiru wofutsa pang'ono m'madzi otentha, kapena nsawawa zophika zosenda. Perekani kawiri pa tsiku, cimene zitha kumaliza m'mphindi ziwiri. Nthenda ikaoneka, lekani kudyetsa, sinthani madzi, patulani yodwalayo, ndipo funsani kwa mlangizi wa nsomba kapena wa ziweto za mankhwala ochedwa metronidazole ndi muyeso wace. Athandiza akaperekedwa masiku oyamba.

Nthenda yaciwiri ndiyo ya madontho oyera. Pa thupi ndi pa zipsepse paoneka timadontho tonga mcere wowaza, ndipo nsomba idzikhula pa miyala. Kadontho kali konse ndi kacirombo kokhala pansi pa khungu. Kakakhuta kagwera pansi, nikagawikana kukhala tiana mazana ambiri, timene tisambira kufuna nsomba ina. Mankhwala sakafika pamene kali pansi pa khungu. Apha tiana tosambira tokha. Cifukwa cace musaleke kuciza madontho akangozimirira. Kwezani kutentha pang'ono pang'ono kufikira madigiri 29 kapena 30, kuti tizirombo tifulumire kuturuka, ndi kuonjezera mpweya popeza madzi ofunda asunga mpweya wocepa. Sungunulani mcere, supuni yaing'ono imodzi pa malita 5 ali onse, ndi kubwereza muyeso womwewo tsiku laciwiri ndi lacitatu. Zikhale cotero masiku 10 kufikira 14, kenaka mcere muucotse posintha madzi pang'ono pang'ono. Nthenda imeneyi ibwera ndi nsomba zatsopano, ndipo ikula madzi akazizira modzidzimutsa.

Cacitatu ndico zironda za ndeu. Zipsepse zong'ambika ndi mamba osupuka zipola zokha m'madzi aukhondo. Koma m'madzi oipa, pa cironda pamera nkhungu yoyera yonga thonje, kapena zipsepse ziyamba kudyeka. Patulani yobvulalayo, thirani mcere pang'ono, ndipo funani cimene cinautsa ndeu: kapena zazimuna zacuruka, kapena mapanga acepa.

Nsomba iri yonse yatsopano iyambe yakhala pa yokha milungu 3 kapena 4 isanasakanizidwe ndi zinzace. Ndi lamulo lomwe lija titsata pogula nkhuku pa msika.

PHUNZIRO LA KU DZIWE NDI KU NYANJA

Tsono tibwerere ku funso tinayamba nalo. Ulimi wa nsomba m'maiwe unayamba m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950, ndipo kucokera ku Domasi mbeu ya makumba ndi cilunguni inafalikira m'midzi. Makumba alera ana m'kamwa monga mbuna. Mlimi amene akoka ukonde m'dziwe mlungu ndi mlungu m'nyengo yotentha, apasula zisa za aamuna ndi kulabvulitsa mazira aakazi, monga tinacitira ife ndi thanki yathu. Mlimi amene athira manyowa opitirira muyeso adzapeza nsomba ziri kupuma pamwamba m'banda kuca, ndipo zolera ziyamba ndizo kutaya ana. Dziwe likhale ndi mbali yosaya yokumbamo zisa ndi yobisalamo ana. M'miyezi yozizira kuswana kucepa kapena kuleka, ndipo ici si nthenda. Koma dziwe likakhala pa mtendere, makumba aswana ali ang'ono, nadzaza dziwe kufikira onse apinimbira. Pamenepo muziwengula ana ndi kaukonde m'mphepete, kukaika m'dziwe lina kapena kugulitsa kwa anzanu.

Ku nyanja nkhani iri yomweyo. Cambo cacimuna cimanga cisa pa mcenga, cacikazi cinyamula mazira m'kamwa ndi kupita nao ku madzi osaya kukalera. Asodzi a khoka adziwa bwino m'mene cambo cogwidwa cilabvulira ana pa mcenga. Wogwira cambo cimodzi cotero wapha mazana. M'caka ca 2018 bungwe la IUCN, limene liwerenga zamoyo zimene ziri pafupi kutha, linaika mitundu itatu ya cambo pa mndandanda wa zimene ziri pa ngozi yaikuru koposa. Ndico cifukwa cace boma liletsa makoka ena m'nyengo ya kuswana, kuyambira mwezi wa November. Amene anaonapo nsomba ikusala kudya milungu itatu cifukwa ca ana ace, safunanso womuuza tanthauzo la lamulo limenelo.

Cenjezo lotsiriza: nsomba ya m'thanki isabwezedwe m'nyanja kapena mu mtsinje. Mbuna za mitundu yofanana zikakhala pamodzi m'thanki zikwatirana, ndipo ana ace sakhala a mtundu uli wonse. Ndiponso mbuna za pa cisumbu cina zisiyana ndi za pa cisumbu cinzace. Pa cisumbu ca Thumbi West, pafupi ndi Cape Maclear, ogulitsa nsomba kunja anatayapo mbuna zocokera kumpoto kwa nyanja, ndipo zina zinasakanizika ndi za pomwepo. Cosakanizika cotero palibe angacilekanitsenso.

KUMBUKIRANI IZI

1. Thanki ikhale yaikuru, ya miyala yambiri, ndipo nsomba zilowe pang'ono pang'ono.
2. Yaimuna imodzi, zazikazi 3 kapena 4.
3. Yaikazi ikanyamula mazira, musaisautse, musasunthe miyala.
4. Sinthani limodzi la magawo anai a madzi mlungu uli wonse, osati madzi onse.
5. Cakudya cikhale ca masamba, ndipo cikhale cocepa.
6. Nsomba yatsopano ikhale pa yokha milungu 3 kapena 4.
7. Nsomba ikadwala, yambani mwaona madzi.

Aphunzitsi amene angathe kuika thanki yotere m'sukulu zao adzacita bwino, pakuti ana amene aona zimenezi ndi maso ao ndiwo alimi ndi asodzi a mawa. Amene ali ndi funso afike kwa mlangizi wa dera lao. Paja akuru anati safunsa anadya phula.